Chimbale cha Adada Sichipirikitsa Mbalame

Ku koleji sindinamalize, koma sindinabwereko chimanjamanja. Ndinabwera ndi chiphunzitso chimodzi chomwe ndimachisunga mpaka lero: chimbale chimagwiridwa m'mbali, osati pamimba. Anzanga anatenga madigiri. Aliyense ndi mphatso yake.

Chimbale chomwe ndinkachigwira chotero chinali chimodzi chokha. Munali kanema wa ukwati wa mchemwali wanga, ndipo pakati pake malemu adada amaimirira n'kulangiza akwati, jekete itawakulira. Mawu awo sanajambulidwe kwina kulikonse. Wojambulayo, wa pa Uliwa, kompyuta yake inapsa kalekale, iye n'kuyamba geni ya tomato. Choncho ndinkachisunga m'kabokosi kake, kabokosiko m'sokosi yochapa, sokosiyo pansi pa sutikesi, kutali ndi dzuwa komanso abale.

Oopsa kwambiri anali abale. Kwathu ku Vinthukutu mpunga ukayamba kucha, zimbale zakale amazimangirira pa ulusi n'kuzipachika m'munda kuti kung'anima kwake kuziopseza mbalame. Asibweni, mlongo wawo wa amama, anali atapachika kale makwaya onse a m'mudzimo.

M'mawa wina ndinapeza sokosi ili yokha. Amama anati asibweni anadzapempha, iwo n'kuwapatsa, poti zimbale zonse zimafanana.

Ndinachipeza kumunda chikuzungulira ndi mphepo, pakati pa filimu ya karate ndi kwaya ya amayi. Asibweni anali m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo, ngati mwini sitolo.

"Asibweni, mwapachika adada," ndinatero.

"Alamu anga ankaukonda mpunga. Sangadandaule."

"Dzuwa liwapinda. Ulusiwo ukuwakanda."

"Iwe mphwanga, sukulu inakukanika, lero undiphunzitse za dzuwa? Ukachichotsa, mbali imeneyo mbalame azipirikitsa ndani?"

"Ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe sunyezimira."

"Koma ndimakuwa."

Ndinamasula ulusiwo iwo akuona. Kunyumba ndinachitsuka ndi madzi oyera, n'kuchipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Amama anaonerera mwambo wonsewo. Kenako anavala nsalu yawo ya kutchalitchi, tinakwera minibasi ya ku Uliwa kukachiyesa pa makina a mnzanga.

Adada anaimirira. Anayamba kulankhula. Atafika pa mawu oti "muzipirirana," anaima kukamwa kuli yasa, pomwe ulusi unakanda. Amama anagwira dzanja langa mwamphamvu. Makina analira pang'ono, adada n'kupitiriza ngati sipanachitike kanthu. Tsiku lomwelo tinawakoperanso mu foni, koma chimbalecho chinabwerera m'sokosi yake, ndipo kiyi wa sutikesi amama anamumangirira pansonga ya nsalu yawo.

Ine ndinasunga pangano. Mpaka mpunga unadulidwa ndinkaima m'munda wa asibweni ndi chitini cha miyala, pamalo enieni pomwe panalendewera adada. Odutsa ankapatsana moni n'kuuzana kuti wa ku koleji uja wapeza ntchito. Sindinawatsutse. Ntchito inali yeniyeni, ndipo ndinkaigwira nditapisira malaya.

Khosi langa linasupuka ndi dzuwa, linameranso khungu lina. Asibweni amanenabe kuti chimbale chinkagwira bwino kuposa ine. Mwina n'zoona. Chaka chino anabweranso kudzapempha, amama n'kuwalozera ine.