Asambizi Longwe ndi Mawu Achilendo

Killion Longwe anaphunzitsa kuwerenga Chingerezi zaka makumi awiri ndi zisanu pa kasukulu ka mishoni kumtunda kwa Chintheche, ndipo zaka zonsezo analibe dikishonale. Anthu ankangomutchula kuti Asambizi, kutanthauza aphunzitsi m'chilankhulo cha kumeneko. Sitandade 5 yonse inkalimbirana mabuku anayi ochokera ku Ulaya, okamba za sitima za pamtunda, maapozi ndi nyengo yozizira.

Posowa poyang'ana matanthauzo, anapeza njira yakeyake.

"Mukakumana ndi liwu lachilendo musaime," ankatero. "Mlendo akatsika m'bwato simumufunsa dzina. Mumaona amene wamulandira ndi amene wamunyamulira katundu, basi mwadziwa kuti ndi wa kwa yani. Liwunso chimodzimodzi. Yang'anani anansi ake."

Mu 1938 kunabwera mzungu woyendera sukulu. Anatsegula buku, n'kuloza Janet Manda, mtsikana yekhayo m'kalasimo, kuti afotokoze tanthauzo la "snow". Janet anawerenga ndime yonse modekha monga anamuphunzitsira.

"Ndi ufa wa chinangwa, bwana," anayankha. "Ndi woyera, auyanika pabwalo ponse, ndipo ana akamaseweramo amayi awo amakalipa."

Mzungu uja anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka analemba kuti mphunzitsiyu ngwakhama koma akufunika kuphunziranso. Killion sanaseke. Iye mwini anali ataganiza chimodzimodzi kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anali asanauzepo munthu.

Komabe ana ake a sukulu ankawerenga, ankawerengadi. Iye ankafuna kuti adzakhale aphunzitsi ndi akulu a mpingo konkuno, koma chinthu choyamba chimene anawerenga popanda thandizo lake chinali zikalata zoitana anthu ku ntchito. Mizeck Kamanga, amene ankaposa onse, anakakhala kalaliki kunja kwa dziko, ku mzinda wa Sozibele. Ena analowera ku Joni ndi ku migodi ya kopa. Wowerenga bwino ndiye ankapita kutali, osabwerako. Amene anatsala ndi aja ankawakwapula chifukwa chojomba kusukulu n'kukapha usipa, ndipo ndi omwewo anamufolerera nyumba atapuma ntchito.

Mu 1953 Mizeck ndi anzake anakumbukira mphunzitsi wawo. Phukusi linabwera pa sitima ya Ilala, lolemera ngati mwala wa mphero, ndipo mkazi wa Killion, Dainess, analisenza pamutu kuchokera ku doko. Munali dikishonale yachikuto chakuda. Koma nthawi imeneyo maso a Killion anali atachita ng'ala, moti ankazindikira anthu ndi mawu okha.

Anaisisita, n'kuinunkhiza.

"Ada, tikaike m'bokosi, chiswe chingadye," anatero Dainess.

"Iyayi. Chimenechi n'choyenda nacho."

Lamlungu lililonse ankaikolekera m'khwapa popita ku tchalitchi. Alendo ankayesa Baibulo lalikulu, ndipo ankamupatsa mpando wakutsogolo. Iye sankawatsutsa.