Mlendo Wobwera Tsiku ndi Tsiku

Atachira Kovidi, malume anga a ku Kawale anayamba kuiwalaiwala, ndipo ankangogona kuyang'ana kukhoma, osafuna kuyankhula. Adokotala anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti aziyendako, koma iwo ankakana kudzuka.

Nditafika kuchokera kumudzi, ndinagwada kuwapatsa moni. Anadzuka pomwepo kukathamangitsa nkhuku yophera mlendo. M'mawa mwake anandilonjeranso ngati ndangofika kumene. Ndinachita manyazi kuwauza zoona, motero nkhuku ina inafa.

Akazi awo anasangalala powaona akuthamanga. Basi, m'mawa uliwonse ndinkanyamula chikwama, kuzungulira nyumba, n'kunena kuti, "Odi!" Nkhuku zitatha, tinkabwereka ya aneba yongothamangitsa, ife n'kudyera soya.

Tsiku lina malume anaima akupuma wefuwefu, n'kundiyang'anitsitsa.

"Mphwanga, si iwe unabwera dzulo?"

"Ndine ndemwe, malume."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mawa ubwerenso."