Malamulo a M'kope la Miyezo

Achemwali anga ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Muli makina awiri opondera, tebulo lodulirapo nsalu, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani amene akhala akutola kwa zaka makumi awiri. Sukulu anailekera panjira. Mabuku okha amene ndinkawaona nawo anali makope a miyezo, olembamo chiuno, phewa ndi msinkhu wa makasitomala.

Masewera athu sankafuna n'kuwamva komwe. Loweruka lililonse masana tinkakumana pakhonde pawo anthu anayi: ine, amuna awo amene ndi alamu anga, a Makaniko, ndi Aphunzitsi. Aphunzitsi ankafotokoza dziko la m'nthano, la mapanga ndi zinjoka zolavula moto. Aliyense wa ife anali ndi munthu wake wolembedwa papepala. Ukafuna kuti munthu wako achite kanthu, umanena, n'kuponya dayisi, kamwala kokhala ndi manambala m'mbali mwake, ndipo chibuku cha malamulo chimagamula ngati zatheka. Ine ndinali mlenje, a Makaniko anali wamatsenga. Alamu anali woimba, wogonetsa adani ndi nyimbo komanso wopusitsa alonda ndi pakamwa. Zinawayenera, chifukwa kuntchito kwawo koyendetsa lole ankawatchula kuti a Wailesi.

Achemwali akamatipatsa tiyi ankangopukusa mutu. "Azibambo andevu zawo kumalimbana ndi njoka ya papepala! Udzu uwo ukudikira ndani?"

Tsiku lina m'mawa alamu anagwa akukwera lole. A kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, mawu n'kuchoka. Ankamva zonse bwinobwino, koma akatsegula pakamwa pankangotuluka "iyayi," ngakhale pamene akufuna kuvomera.

Patapita miyezi inayi tinayesa kuyambiranso masewera. Zinakanika, ndipo olakwa tinali ife. Alamu akangoti ayambe kuloza, ife tawalankhulira kale. Pofuna kuthandiza, Aphunzitsi anawalembera munthu wina, msilikali wosalankhula, woti azingomenya. Alamu analiyang'ana pepalalo, analikwinya ndi dzanja lamanzere, n'kudzikoka kulowa m'nyumba.

Achemwali anali ataima pakhomo, ndipo anaona zonse.

"Aphunzitsi, tandibwerekani bukulo."

"Mayi, ndi Chingerezi chovuta chimenechi. Masamba mazana atatu."

"Kodi ndati mundiwerengere?"

Bukulo linakhala patebulo lodulira milungu itatu, pakati pa sizasi ndi choko. Mawu ovuta ankawafufuza pafoni. Tsiku lina ndili kuntchito anandiimbira.

"Achimwene, apa akuti woimba amagonetsa mdani ndi nyimbo. Pali pomwe alemba kuti wosewerayo aziyamba wafotokoza ndi pakamwa?"

Ndinaganiza kanthawi. "Palibe."

"Ndiye mwakhala mukuwavutitsiranji amuna anga?"

Loweruka lotsatira anatiitana okha. Anabwera ndi kope la miyezo lolitembenuza, kumbuyo kwake atalembako masamba khumi ndi limodzi. Anaika patebulo mbale, chitini cha mabatani ndi tizigamba ta nsalu, n'kuyamba kuwerenga ali chiimire.

Aliyense, anatero, azilandira mabatani asanu ndi awiri. Ukalankhula m'nthano, ponya batani limodzi m'mbale. Akakuthera, tseka pakamwa, uzichita ndi manja mpaka chigawo cha nthanoyo chithe. Tizigamba tinali ta tonse: kofiira kumenya, koyera kuthawa, kakuda kubisala, kabuluu kuimba. Palibe womalizira mnzake maganizo, ndipo wotero atayepo mabatani awiri. Lamulo lalitali linali la nyimbo. Woimba azigogoda patebulo, enawo azibwereza momwe wagogodera. Aliyense wolondola awonjezere chimodzi pa dayisi, koma zowonjezazo zisapose ziwiri.

Aphunzitsi anatenga kopelo, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerengetsera m'mphepete mwa pepala lawo. Masamu ndiwo amaphunzitsa.

"Mayi, malire a ziwiriwa mwawapeza bwanji? Zikanakhala zitatu, woimba akanapambana aliyense."

"Ndinaponya dayisi ka mazana awiri kushopu, n'kumalemba. Zitatu zimachulutsa."

"Mazana awiri!"

"Nanga malaya mungamusokere munthu musanamuyeze?"

Tinayamba. Pasanathe mphindi khumi, a Makaniko anali atamaliza mabatani awo onse pokangana za chipewa ndi mlonda wa pachipata wa m'nthanomo. Kuyambira pamenepo ankangogwedeza manja ngati akuthamangitsa njuchi, ife osamva kanthu. Alamu anaseka. Kuseka kwake kunali kopendekera mbali imodzi, koma kunali koyamba chichokereni kuchipatala. Iwo miyezi inayi yonseyo anali ataphunzira kale kulankhula ndi nsidze ndi chala, ndiye patebulopo katswiri anali iwowo, ife ana a sukulu.

Nthano inatifikitsa m'phanga. Chinjoka chinadzuka, mlenje wanga anavulala mwendo, ndipo mabatani anali atatithera ine ndi a Makaniko. Aphunzitsi anatiyang'ana mmodzimmodzi, kudikira.

Alamu anakweza kachigamba kabuluu.

Anagogoda ndi chala: go-go, go. Go-go, go. Tinabwereza, koma a Makaniko anathamanga. Alamu anawayang'ana mwaukali n'kuyambiranso. Ulendo uno tinalondola, ndipo tinapitiriza tonse pamodzi. Ndinamva kuti kugogodako ndikukudziwa, kenaka ndinazindikira kuti ndi momwe amalirira makina a achemwali akamaponda. Pansi pa kugogodako kunayamba kumveka kung'ung'udza. Kunakwera pang'onopang'ono. Kenaka, mawu.

"Gona, mwini phanga, gona. Ife ndi odutsa, sitikhalitsa."

Inali nyimbo imene anaipeka okha kalekale ya woimba wawoyo. Anaiimba mzere wonse, liwu lililonse lomveka, munthu amene m'mawa womwewo analephera kunena kuti akufuna madzi. A Makaniko chala chawo chinaima m'malere. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuwagwira m'manja ngati sakudziwa ntchito yake.

Achemwali okha ndi amene sanasunthe. "Nyimbo yatha, bambo. Ponyani dayisi."

Dayisi inagubuduka n'kugwa pa zinayi. Ngakhale kuwonjezera ziwiri zija, sizinakwane. Aphunzitsi anakhosomola n'kuyamba kunena kuti mwina chinjokacho chinali chotopa kale.

"Ayi, Aphunzitsi," anatero achemwali. "Musawanyengerere ngati mwana. Chalephera chalephera."

Chinjoka chinatiotchera katundu yense, tinathawa opanda nsapato, wamatsenga ndevu zikufuka utsi. Alamu anaseka mpaka misozi, akumenya tebulo, akufuula "iyayi, iyayi!"

Lolemba ndinadutsira kushopu. Alamu anali pampando wawo pafupi ndi zenera, akusankha mabatani potsata mitundu monga anawauzira a kuchipatala kuti azilimbitsa zala. Ndinafunsa achemwali chapansipansi ngati ankadziwa kuti adzaimba.

"Kudziwa ayi. Amakhala pano tsiku lonse. Ndikamaponda makina amang'ung'udza, ndikaima nawonso amaima. Tsiku lina ndinamva ngati patuluka liwu, koma nditacheuka anachita manyazi n'kusiya. Ndiye ndinati, pakhale poti aziimbira popanda wowauza kuti tayesani." Anadula ulusi ndi mano. "Telala amasiyako nsalu m'kati mwa msoko, achimwene. Mwina munthu n'kudzanenepa."

Papita zaka ziwiri tsopano. Lole alamu sanaiyendetsenso. Mawu abwerera ochepa, okwanira kuitana mkazi wawo, kupempha tiyi ndi kunyoza a Makaniko. Zotsalazo amaziimba. Malamulo aja adzaza makope awiri. Aphunzitsi anawatayipa, ndipo mphwawo anapita nawo kukoleji, komwe akuti magulu atatu akusewera ndi mabatani osadziwa kuti anachokera m'chitini cha ndani. Bambo wina wogontha anabwera kushopu ndi mkazi wake kudzafunsa za tizigamba. Achemwali anasiya diresi la ukwati patebulo, n'kukhala nawo mpaka madzulo akulemberana papepala.

Mwezi watha Aphunzitsi anati atopa kutsogolera, akufuna kusewerako nawonso. Mpando wawo anaupereka kwa achemwali. Nthano yawo yoyamba inayambira pamsika wa mzinda womangidwa pamsana pa kamba wamkulu, kamba amene amasuntha kamodzi pa zaka zana, ndipo tsikulo linali litakwana. Anafotokoza momwe makoma anayambira kung'aluka, mitsuko ikugubuduka m'misewu, mpaka tonse tinapezeka tagwira m'mphepete mwa tebulo. Mlenje wanga, amene ndinamusunga zaka zisanu ndi chimodzi, anafa ola lisanathe.

"Pepani achimwene," anatero, akundipatsa pepala latsopano ndi pensulo. "Ndinakuuzani kawiri konse kuti denga likugwa."