Marozi a Mkazi wa Manijala

Ndinayamba kusoka tibande ta maluwa tovala ana kumutu chaka chimene achimwene anga ananditumizira foni yakale kuchokera ku Joni. Inali yong'aluka pakona, koma kamera yake inali yabwino, ndiye azimayi a pa komboni anayamba kundibweretsera ana kuti ndiwajambule. Ndinkakoleka nsalu yoyera ya pabedi pakhoma la shedi yosankhiramo fodya, mwana n'kukhala pa ndowa yovundikira. Vuto linali lakuti ana athu timawameta mpala, moti pachithunzi sungadziwe kuti wamkazi ndi uti. Mayi wina anandibwezera chithunzi atakwiya, akuti apongozi ake afunsa kuti kamnyamataka ndi ka ndani.

M'masitolo a m'tauni ya Karoi tibande timeneti tinalimo, koma pa mtengo wosayenera munthu wosankha fodya. Ndiye ndinkapita pa mabhero, kaunjika uja, n'kutola mapitikoti ndi madiresi a ukwati ong'ambika amene aliyense ankawadumpha. Kunyumba ndinkadula tinsalu tozungulira potsata kukamwa kwa kapu, n'kuwaula m'mphepete mwake pa kandulo kuti tipindike ngati duwa. Tisanu pamodzi, mkanda pakati, kenako n'kusokerera pa lasitiki wochotsa m'makabudula akale. Zala zinkatuluka matuza. Koma mwana akavala, ngakhale wa mamina, ankaoneka ngati wobadwira m'tauni.

Pa famu pathu panabwera manijala watsopano. Mwamunayo analibe chifukwa ndi munthu, ankangoyenda ndi kabuku kake m'mabani a fodya. Mkazi wake ndiye anali nkhani. Ankavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo akamadutsa pa komboni ankagwira kansalu pamphuno ngati ife tafa kale. Ankatitchula kuti mabhurandaya, dzina limene Ashona amanyozera nalo anthu ochokera ku Malawi. Ukamupatsa moni m'Chichewa ankakuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuyankha m'Chishona kuti chilankhulo chathucho sakumva.

Tsiku lina mu Okutobala anandiitanitsa. Mwana wake wamkazi ankakwanitsa zaka zitatu ndipo mayiyo ankafuna zithunzi. Ndinanyamula nsalu yanga ndi tibande tonse m'chitini cha mabisiketi, n'kukwera kamtunda kopita ku nyumba ya manijala ya malata ofiira. Sanandilowetse. Anandiimika pa masitepe a kuseri, pafupi ndi mbale ya galu.

"Iwe, tsegula ndione," anatero m'Chishona.

Ine ndinali mayi wa ana awiri, iye wa mmodzi, koma ndinali iwe. Ndinatsegula chitinicho. Anatola kabande kamodzi ndi nsonga za zala, n'kukagwetseramo.

"Izi zavalidwa ndi ana a kukomboni. Ukufuna mwana wanga atenge nsabwe?"

"Ndimachapa, amayi. Komanso ana athu alibe tsitsi, nsabwe zikhala pati?"

Sanaseke. Anati mwana wake savala zigamba, avala maluwa enieni ngati ana a azungu. Anandilozera marozi amene mzungu wakale wa famuyo anasiya m'mbali mwa khonde, n'kulamula kuti ndithyole ndi kuluka pompo. Ndinamuuza kuti dzuwa la Okutobala silisunga duwa lothyola, komanso kuti marozi amenewo pamadzadza njuchi m'mawa uliwonse.

"Ukudziwa chiyani za maluwa iwe? Ku Blantyre kwanu kuli marozi?"

Ku Blantyre sindinapondeko. Ndinabadwira pa komboni yomweyo, amayi anganso chimodzimodzi. Koma ndinathyola marozi, ndinasadzula minga ndi lezala, ndinamangirira pa waya ndi ulusi womangira fodya. Chinatuluka chinthu cholemera ngati nkhata ya pamaliro. Iye anachiyamikira kwambiri, poti nzeru inali yake.

Kamwanako kanalibe mlandu. Kanali konenepa, kamanyazi, atakaveka diresi loyabwa ndi nsapato zothina. Maso ake anali pa chitini changa basi. Mayiyo anakana nsalu yanga yoyera, akuti ndi ya pabedi pa munthu, ndipo anakhazika mwanayo pa mpando pakati pa kapinga, padzuwa. Kenako malamulo anayamba. Mabani a fodya asaoneke kumbuyo. Utsi wa kukomboni usaoneke. Ndijambule chakumunsi kuti galimoto ya kampani ioneke ngati yawo. Ndisanadine n'komwe anandinong'oneza kuti ndikamakakonza zithunzizo ndimuyeretseko mwanayo pang'ono, poti wada ndi dzuwa la kuno.

Ndinamuyang'ana mayiyo. Nkhope yake inali yoyera ngati mbatata yosenda, koma zala ndi zigongono zinali zakuda kuposa zanga. Mafuta ake oyeretsa khungu sankafika paliponse.

Marozi anali atayamba kale kuzyolika. Limodzi linagwera padiso la mwana, mayi n'kulikankhira m'mwamba. Linagweranso. Mwana anayamba kusisima, thukuta lili kamukamu, mayi ake akumukalipira m'Chingerezi kuti amwetulire. Pamenepo njuchi imene inabisala mkati mwa duwa inatuluka, n'kumuluma pamwamba pa khutu.

Mwanayo anakuwa. Koma amene anandidabwitsa ndi mayi ake.

"Mayo ine! Mwana wanga! Thandizeni, achemwali, chotsani mbolayo msanga!"

Chichewa chenicheni, chopanda chilema, cha munthu amene anayamwa nacho. Ndipo ine, amene ndinali iwe mphindi zapitazo, ndinasanduka achemwali.

Ndinataya nkhata ija, ndinakanda mbola ndi chikhadabo, n'kupaka phulusa lonyowa la pa mbaula yawo. Mwana atatonthola pang'ono ndinamupatsa chitini kuti aseweretse. Anasankha yekha kabande kachikasu, kochokera ku pitikoti ya mayi wina wa kutsidya kwa nyanja amene sitidzamudziwa, n'kukavala chopendekera. Ndinamukhazika pamthunzi, ndinajambula katatu. Maso anali ofiira, koma ankaseka.

Mayiyo anaima poteropo akukonza magalasi ake. Atatsegulanso pakamwa, Chishona chinali chitabwerera.

Madzulo ndinawafotokozera amayi anga. Sanadabwe. Anati iwo anamuzindikira tsiku loyamba lomwe, ndi mwana wa bambo wina wa ku Dedza amene ankawotcha fodya pa famu ina ku Centenary, ndipo ali kamtsikana ankabwera ndi amayi ake ku maliro a kwathu, osavala nsapato. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati munthu wothawa amayi ake umusiye athamange, atopa yekha.

Zithunzi ndinakatsukitsa ku Karoi osayeretsa kanthu. Mwana anatuluka wakuda bwino, monga alili. Mayiyo anazilandira pa masitepe a kuseri omwe aja, anazipenda nthawi yaitali, osanena kuti zikomo. Patapita masiku, mtsikana wogwira ntchito m'nyumba mwawo anandionetsa pa foni yake zimene abwana ake anatumizira anzawo a ku tchalitchi. Chinali chithunzi changa chija, koma mwana atamuyeretsa mpaka mphuno yosaoneka. Pansi pake analemba kuti kabandeko anaitanitsa ku Joni.

Anzakewo anakakonda. Asanu anamupempha kuti awaitanitsirenso. Ndiye Loweruka lina ndinangoona magalasi akuda aja akutsika kamtunda, kansalu kali pamphuno, mpaka pakhomo pathu. Anayamba kulongosola m'Chishona chapansipansi kuti anthu asamve.

"Pepani, amayi," ndinatero mokweza, "Chishona chikundivuta lero. Tanenani m'chathu."

Anayang'ana uku ndi uku. Azimayi a pa mpopi anali atasiya kutunga. Anayankhula m'Chichewa, mawu akutuluka ngati akumuzula dzino. Ndinamusokera tonse tisanu, ndipo lasitiki wake ndinachotsa m'makabudula a amuna anga.