Shuga wa Aphunzitsi

Ntchito yanga ndi kuyendetsa galimoto ya katundu ku Dubai Investments Park, koma chimene ndimadziwika nacho ndi kunenerera. Mmwenye wa shopu akangondiona amayamba kudandaula ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndiye anzanga atafuna munthu wotolera ndalama za kampeni ya aphunzitsi, anandiloza ine. Akuti pakamwa pomwe pamatsitsa mitengo pangathenso kukweza zopereka.

Aphunzitsiwo ndi mayi amene anatiphunzitsa ambiri a ife kwathu ku Machinga. Atapuma ntchito anaima pa mpando wa phungu, opanda chipani. Anakana thandizo la mkulu wina wa malole amene chisankho chilichonse amagula phungu ngati mbuzi. Aphunzitsi ankati wodya za munthu mmodzi amagwadira munthu mmodzi; iwo ankafuna kangachepe kochokera kwa ambiri. Chomwe chinkawasowetsa tulo chinali mamonita, anthu owayang'anirira mavoti powerenga. Popanda thiransipoti ndi chakudya, palibe monita akanapita.

Ndinkatchera anthu Lachisanu potuluka mumzikiti ku Al Barsha.

"Iwe mudala," anatero mnzanga wa ku Chipata, mlonda wa pa hotela, "kwanu wovota ndiye alipira wandale? Ise tilandira chitenje."

"Nafenso timalandira. N'chifukwa chake msewu wathu ukadali wafumbi."

"Ine sinivota ku Malawi, habibi," anatero, kunditchula bwenzi m'chinenero cha Aluya.

"Nanga ife tili kunofe tivota? Yalla, fulumira, tulutsa."

Anatulutsa. Chemwali wina wogwira ntchito m'nyumba ku Al Furjan anapereka ya mayunitsi ake, nati ana kumudzi adzamumva mawu mwezi wamawa. Ena ndinalimbana nawo mpaka kukhosi kuuma.

Potumiza, mtima wanga wonenerera sunalole kusinthitsa pa mtengo wa ku banki. Achimwene anga kumudzi ankadziwa munthu wosintha ndalama pa mtengo wabwino. Ndinawatumizira, n'kuwauza kuti, "Za kampeni ya aphunzitsi izi."

Achimwene anamva bwinobwino. Kwathu ndalama ya kampeni ili ndi ntchito imodzi. Anagula shuga, sopo ndi mchere, n'kuyenda khomo ndi khomo m'dzina la aphunzitsi.

Aphunzitsi anandiimbira ndili pa mzere wotsitsa katundu, dzuwa likuphika denga la galimoto.

"Mwana wanga, miyezi yonseyi ndakhala ndikuuza anthu kuti voti sigulitsidwa. Lero andipatsa moni kuti mayi a shuga. Enanso akwiya kuti iwo anawadumpha."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndinaimbira achimwene.

"Achimwene, ndalama zija zinali za mamonita!"

"Monita amavota kangati, iwe? Shuga walowa m'nyumba zambiri. Mwakhalitsa kwa Aluya, mwaiwala dziko."

Ndinayesa kutoleranso. Wa ku Chipata uja anangoti, "Khalas, mudala, zatha." Chemwali wa ku Al Furjan ndinalibe nkhope yomufunsira kachiwiri.

Tsiku lovota, malo ambiri aphunzitsi analibe wowayang'anirira. Anagwa. Kaya anaberedwa kaya anangogonja, palibe akudziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kumandidya. Mpando anatenga munthu wa mkulu wa malole uja.

Achimwene mpaka lero amati popanda shuga wawo, ngakhale mavoti ochepawo sakanapezeka. Ndatsitsa mitengo ya Amwenye, Aluya ndi Apakisitani, koma pamenepa achimwene akana kutsika ngakhale pang'ono.