Mlatho unathyoka pakati, madamu ali tsidya

Lemba, Tadala, usasiye kanthu. Chaka chachitatu ndikugwira ntchito ku Doha, kwa madamu aja a ku Al Duhail, kutentha kutafika poipa madamuwo anati, "Yala," ndiye kuti tiyeni m'Chiarabu chawocho, "Mama Esinati, tikupita ku Amusitadamu." Ntchito yanga inali kukankha mayi awo okalamba pa njinga ya olumala. Tinanyamuka m'mamawa, dalaivala wathu wa ku Mangochi n'kukatitula pa eyapoti. M'ndege ndinadya kabanzi basi, nyama imene anatipatsa ndinaikayikira.

Tinatera masana, kunja kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza. Mawa lake tinakwera kasitima koyenda pakati pa msewu. Ndalama salandira, madamu anangogunditsa khadi. Tauni yake madzi okhaokha, ngalande uku ngalande uku, njinga mbwee koma wakabaza ayi. Bambo wina anandipatsa nsomba yosaphika ndi anyezi kuti ndilawe. Ndinathokoza, n'kuikulunga m'kapepala.

Cha m'ma 3 koloko tinafika pa mlatho wamatabwa, woyera, akuti wakalekale. Madamu anawoloka kukajambula. Ine ndikukonza bulangete la agogo, belu n'kulira. Podzutsa mutu, mlatho wathyoka pakati, mbali zonse zikuloza kumwamba.

Pasipoti yanga inali m'chikwama cha madamu, ndipo ku Doha wantchito ukasiyana ndi bwana amati wathawa, nkhani ya apolisi. Tsono ndili ndi mayi a eniake, dziko lachilendo. Komabe moyo wa anthu ndiye woyamba. Kwathu mlatho ukaduka timaika nthambi pamsewu, si choncho? Ndinathyola ziwiri pa kamtengo kapafupi, n'kuziyala, n'kumakupiza chitenje. A njinga aja anali ataima kalekale, wina akudya buledi. Mayi wina anandifunsa ngati ndikugulitsa.

Agogo ankangoseka, akukoka dilesi langa. "Shuwaya, shuwaya," ndiye kuti pang'onopang'ono. Boti lalitali linadutsa, matabwa aja n'kutsika okha, n'kulumikizana bwinobwino. Madamu anabwera akundionetsa foni. Mlatho sanajambule, anajambula ine ndi nthambi zanga.

Kuwoloka ndinawoloka, koma ndikupemphera. Mpaka lero sindimvetsa chomangira mlatho woti uzithyoka dala. Koma wawowo unabwerera ndisanamalize n'kumanga chitenje komwe. Wathu wa kudambo uja unapita ndi madzi iwe usanayambe sukulu, nthambi zake tikusinthabe. Walemba zimenezo?