Makandulo pa Maliro a Nora

Amalawi onse a ku Perth amawadziwa Anti Olipa Mkwapatira chifukwa cha mawu awo. Pa chikondwerero cha 6 Julaye, mu holo ya tchalitchi ku Mirrabooka, ndiwo amayambitsa nyimbo ya fuko. Pa Khirisimasi, anthu akamawotcha nyama ku paki thukuta lili kamukamu, ndiwonso amadzutsa azibambo kuti avine. Koma mawuwo anakhwimira pa maliro. Kwawo ku Ntcheu anali a Mvano, ndipo atabwera kuno kudzasamalira okalamba sanasiye. Wina akangolandira uthenga woti kumudzi kwagwa zovuta, iwo amafika ndi chitenje ndi paketi ya shuga, n'kukhala pa kapeti mpaka wofedwayo atalira. Amati maliro n'kulirana.

Mu Epulo 2020, mliri utatseketsa malire, mkulu wawo Nora anagwa pamsika wa Lizulu pamene ankagulitsa kachewere, osadzukanso. Ndege kunalibe. Kusonkhana m'nyumba kunali koletsedwa. Anti Olipa anaonerera mwambo wonse pafoni ali okha m'khitchini mwawo ku Girrawheen, ndipo netiweki inaduka bokosi lili pazingwe, lisanafike pansi. Chithunzi chinangouma pomwepo.

Misozi inakana kutuluka.

Fortunate, mnzawo wa kuntchito, anawaimbira. "Asisi, koma mwalira?"

"Ndilire ndi ndani? Ndi firiji?"

"Inu amene mumatiliritsa tonsefe! Ikani foni pa sipika, muyambe, ine ndikuthandizani."

"Iwe Fortunate, maliro si wayilesi."

Kuyambira sabata imeneyo, m'bandakucha uliwonse ankamva tsache panja. Pakhomo pawo panalibe dothi, panali simenti ndi kapinga, koma tsachelo linkamveka ngati likusesa pabwalo louma la kumudzi. Linkasesa, n'kuima, wina n'kuligogoda pachikhatho kuti lilimbe, monga ankachitira Nora kuyambira ali mtsikana. Akasuzumira pawindo, panalibe munthu. Sanauze aliyense. Ankadziwa kuti Nora sanapite. Akanapita bwanji mng'ono wake asanamulire?

Loweruka lina anadzuka kunja kusanayere, n'kudikira. Tsache silinamveke. Kunali zii, ngakhale galimoto imodzi osadutsa. Pakhoma la chipinda pankagwedezeka kuwala kofiirira. Anamanga duku, n'kutsegula chitseko.

Msewu wonse unali ndi anthu. Pakhomo lililonse, polowera galimoto, panaima banja, aliyense kandulo m'manja. Palibe amene ankayankhula. Ngakhale ana anangoti njo, atavala majuzi pamwamba pa zovala zogonera. Moto wa makandulo unkawalitsa zibwano zokha, maso ali mumdima, ndipo mzerewo unapitirira mpaka kokhota msewu. Anthu amenewa zaka zinayi zonse ankangowakwezera dzanja ali m'galimoto.

Poyamba anaganiza kuti si amoyo. Kenaka mtima unawauza china: amva. Kaya wawauza ndani, koma amva, ndipo abwera.

Anachita zimene wofedwa amachita. Anamanga chitenje, anavula masilipasi, n'kukhala pansi pa simenti yozizira atatambalala. Chapatali lipenga linayamba kulira pang'onopang'ono, mawayilesi a m'nyumba zina n'kulilandira. Litasiya, msewu wonse unaweramitsa mitu.

M'kachetechete mmenemo ndi mmene mawu anatulukira.

"Mayo ine! Achemwali anga ine! Mwandisiyira yani?"

Mbalame zinabalalika m'mitengo ya bulugamu. Mitu yonse inatembenuka. Iwo sanaone. Analira mokweza monga amalirira ku Ntcheu, kutchula dzina, kutchula ana amene wasiya, kumufunsa chifukwa chake sanadikire.

Atapuma, anaona a Melvin, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo, ataima chapatali pang'ono monga lamulo linkanenera, mamendulo ali pa jekete.

"Mayi, mwataya ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Mkulu wanga."

"Pepani. Anali ku nkhondo iti?"

Apa ndi pamene anakumbukira. Linali tsiku la Anzac, limene dziko lino limakumbukira asilikali ake. Zaka zonse mwambowo unkachitikira kutali m'tauni, iwo ali kuntchito. Chaka chino, chifukwa cha mliri, anthu anauzana kuti aliyense aime pakhomo pake. Manyazi anawagwira, anafuna kudzuka.

"Sanali msilikali, bambo. Ankagulitsa mbatata. Amuika sabata yatha, ine ndili kuno."

A Melvin anati, "Bambo anga nawonso anaikidwa kutsidya la nyanja, ife kulibe. Dzina lake ndani?"

"Nora."

Nkhalambayo inawerama movutikira, mawondo akulira, n'kuimika kandulo yake m'mphepete mwa simenti ya Anti Olipa. Inatembenukira kwa anthu a tsidya lina la msewu n'kutchula dzinalo. Mayi wina anawoloka, anaika yake, n'kubwerera. Kenaka mnyamata wa zojambula m'mikono, kenaka banja la ku Vietnam la pakona. Ankabwera mmodzimmodzi, osayandikizana, ndipo dzina lija linkayenda khomo ndi khomo m'malilime osalizolowera. Palibe amene analowa m'nyumba. Anti Olipa analiranso, ulendo uno motsitsa, n'kuyamba nyimbo ya Mvano imene palibe ankaidziwa.

Kunja kutayamba kuyera, anapukuta maso n'kuyang'ana kumapeto kwa msewu. Pafupi ndi poimira basi panali mayi mmodzi yekha, wamfupi, wa duku loyera, wopanda kandulo. Sanaime pakhomo la aliyense. Anti Olipa ankawadziwa akuda onse a m'dera limenelo, koma uyu nkhope yake sinkaoneka bwino. Anayang'anana nthawi yaitali.

Pakamwa panatseguka kuti aitane, koma anadzigwira. Mayi uja anakonza chitenje chake m'chiuno, anatembenuka, n'kumapita osafulumira mpaka anakhota.

"Mukumudziwa?" anafunsa a Melvin, amene ankayang'ana komweko.

"Eya," anatero Anti Olipa. "Musiyeni apite."